Kanyanja ka pabalaza

Anthu amene amaweta makorali m'nyumba amakhala ndi zinthu ziwiri, china choonetsa alendo, china chotsekera chitseko. Choonetsa alendo ndi thanki yagalasi ija, yowala buluu, mmene tinsomba ta mawangamawanga timayandama pakati pa miyala yamoyo, ina yanthambi, ina yotambalala, ina yaubweya wogwedera ndi madzi. Chotsekera chitseko ndi kabati imene thankiyo yakhalapo. Ine ndikuti, anzanga, tikalowa m'nyumba yotere tisathere maso onse pamwamba. Tigwade, titsegule kabatiyo. Muli mapaipi, muli mapampu, muli nthambo zamagetsi zopiringizana, muli zigubu ndi timabotolo ta mankhwala, muli kope lodzaza manambala. Zonsezo n'zosamalira madzi osadzaza n'komwe madiramu awiri! Ndipo chipangizo chilichonse mmenemo chikuyesa, movutikira, kugwira ntchito imodzi yokha mwa ntchito zimene Namalenga amagwira m'nyanja yamchere usana ndi usiku, popanda nthambo, popanda bilu, popanda kuitana wokonza.

Ifetu madzi timawadziwa. Tili ndi nyanja yathu, ndipo mbuna za ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay zinafika kalekale m'mathanki a ku Germany ndi ku America, kumene anthu amaziweta monyadira. Koma yathuyo ndi nyanja yopanda mchere, ndipo mbuna ndi nsomba zopirira. Makorali omanga matanthwe kwawo ndi kunyanja yamchere, kumadera otentha: kugombe la Mozambique cha ku Pemba ndi kuzilumba za Quirimbas, ku Sodwana Bay m'dziko la South Africa, ku Indonesia, ndi ku Australia kumene kuli Great Barrier Reef, mpanda wa makorali wotalika makilomita 2,300. Kuwabweretsa pabalaza ndi ntchito imene ena mwa ana athu okhala kunja anailowa, ndipo ine ndinaionera pafupi kwa mdzukulu wanga wina wa ku Durban. Walira mvula walira matope. Kukongola kwa pamwamba kuja kuli ndi thukuta lake, ndipo thukutalo ndi limene ndikufuna tilione limodzi.

Tiyambe ndi madziwo. Munthu angaganize kuti n'kungotunga pampope n'kuthiramo mchere wa kukhitchini. Ayi ndithu! Madzi a pampope amakhala ndi klorini, nthawi zina amatengako mkuwa wa m'mapaipi, ndipo mkuwa, ngakhale wochepetsetsa, umapha makorali, nkhono ndi tinkhanu. Choncho madzi amayamba adutsa m'makina osefa a RO, amene amawakankha pa kansalu ka timabowo tosaoneka ndi maso, dontho ndi dontho, mpaka atatsala madzi okhaokha. Akatero ndiye amasungunuliramo mchere wopangidwira ntchito imeneyi, kufikira atafanana ndi a m'nyanja, amene amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse. Kapampu kamavundula m'ndowa usiku wonse. M'mawa mwini wake amadontheza dontho pa kachipangizo kotchedwa refractometer, n'kukalozetsa kowala, n'kusuzumira ndi diso limodzi. Mzere ukaima pa 1.025 kapena 1.026, mtima umakhala m'malo. Ukapitirira kapena kuperewera, akonzenso.

Tsono mverani chodabwitsa. Mchere wa m'nyanja si wa mtundu umodzi. Wambiri ndi uja timathira m'ndiwo, koma mulinso maginiziyamu, salifeti, kashiamu, potaziyamu ndi tina tambirimbiri ta pang'onopang'ono. Kuyambira 1872 mpaka 1876 sitima yapamadzi ya ku Britain yotchedwa HMS Challenger inazungulira dziko, ikutunga madzi m'nyanja zosiyanasiyana, ena apamwamba, ena akuya. Katswiri wina, William Dittmar, anayeza mabotolo 77 a madziwo, ndipo mu 1884 analengeza zimene anapeza. Kwina madzi amawawa kwambiri, kwina pang'ono, koma kagawidwe ka michere ikuluikulu ija n'kamodzimodzi kulikonse. Kulikonse, anzanga! Kaya ku Atlantic, kaya ku Pacific, kaya kumwera kozizira, kasakanizidwe kake n'kamodzi. Mdzukulu wanga amavutika kuti ndowa ya lero ifanane ndi ndowa ya sabata yatha. Nanga amene anasakaniza nyanja zonse ndi muyezo umodzi, n'kuusunga osasokonekera, dzanja lake ndi lotani?

Ndiye pali kuphwa. Mayi aliyense amadziwa kuti ndiwo zikakhalitsa pamoto msuzi umaphwa koma mchere suchoka, umangowawirawawira. M'thanki ndi chimodzimodzi. Tsiku lililonse madzi amauluka, mchere n'kutsala, ndipo wosadziwa akabwezera madzi amchere amapha ziweto zake ndi manja ake. Pamafunika madzi opanda mchere, ndiponso pang'onopang'ono, chifukwa makorali amadana ndi zodzidzimutsa. N'chifukwa chake m'kabati muja mumakhala chigubu cha madzi osefa, kapampu, ndi kachipangizo koyang'anira pamene madzi alekeza. Akangotsika pang'ono, kapampu kaja kamadzuka n'kubwezera. Kunyanja ntchito imeneyi ndi ya mvula ndi mitsinje. Dzuwa likweza madzi, mitambo iwasenza, mvula igwa pa Nyika ndi pa Viphya, itsikira m'nyanja yathu, ituluka ndi Shire, ikumana ndi Zambezi, ikathira m'nyanja ya Indian. Madzi saiwala khwawa! Ndipo taonaninso dongosolo lake: pamathiriro a Zambezi pomwepo makorali samerapo, pakuti madzi ake ndi amatope ndiponso mchere wake ndi wosukuluka. Amayambira kutali, kumene madzi ayera. Chilichonse chinapatsidwa malo ake.

Koma kodi korali n'chiyani kuti afune ulemu wonsewu? Maso amati ndi mwala. Ukayang'anitsitsa umati ndi duwa. Chonsecho ndi nyama! Nthambi imodzi ndi mudzi wa tinyama tambirimbiri, tambiri mwa ito ta mamilimita awiri kapena atatu okha. Kalikonse kali ndi kamwa pakati ndi timanja toluma mozungulira, kalikonse kamakhala m'kachipinda ka mwala kamene kanadzimangira kokha, ndipo tonse n'tolumikizana ndi khungu limodzi, moti chimene kamodzi kadya chimapindulira ndi anzake omwe.

M'kati mwa khungu limenelo muli alendo. Ndi ndere za selo imodzi zotchedwa zooxanthellae, zochuluka moti pa sikweya sentimita imodzi zimatha kupitirira miliyoni. Nderezi zimapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga zichitira zomera zonse, n'kupereka gawo lalikulu kwa mwini nyumba, ndipo makorali ambiri omanga matanthwe amadalira kwambiri chakudya chimenechi. Nayenso korali amazipatsa pogona, amazitchinjiriza kwa zozidya, ndipo zonyansa zimene thupi lake latulutsa ndizo manyowa a nderezo. Chotaya cha wina ndicho chuma cha mnzake. Palibe chowonongeka, palibe wodyera mnzake masuku pamutu. Lende n'kukankhana! Ndi pangano limeneli limene limachititsa kuti madzi a kumatanthwe a makorali, ngakhale ali oyera mbee ndiponso osauka chakudya, azisunga chinamtindi cha zamoyo. Matanthwewa sakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inayi iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umawadalira. Ha! Ndani anakhazika pansi nyama ndi chomera, zosamvana chinenero, zosiyana mabadwidwe, n'kuzigwirizanitsa chonchi? Ndani anauza ndere kuti ikaphika izisiyako za mwini nyumba? Ndani anauza korali kuti mlendo uyu yekha asamugaye m'mimba? Ine ndikamaganiza zimenezi ndimangoti, Chauta, ndinu wakuya.

Tsono woweta makorali amaweta awiri onsewo, ndipo mlendo uja amafuna dzuwa. Pamwamba pa thanki pamapachikidwa nyali za LED zowala kwambiri, zochulukira ku buluu. Buluuyo ali ndi chifukwa. Madzi amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyambirira, kwa buluu n'kumapitirira pansi, ndipo ndere zija zinapangidwa kuti zizigwiritsa bwino ntchito kuwala komweko kumene kumazifika. Nyalizo zimayaka pang'onopang'ono m'mawa, zimakhwima masana, zimazilala madzulo, motsatira wotchi, chifukwa korali akalandira kuwala kochuluka mwadzidzidzi amapsa, akamanidwa amathimbirira n'kufooka. Munthu kutengera kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa ndi kompyuta! Ife timangodzuka n'kupeza kwacha, nthawi zina osathokoza n'komwe.

Za kutentha sindichulutsa. Hita ndi choziziritsira zimalandizana kuti madzi akhale pa madigiri 25 kapena 26. Koma chifukwa chake n'chogwira mtima. Madzi akatentha ndi digiri imodzi yokha kuposa mmene amatenthera m'chilimwe, n'kukhala choncho masabata angapo, pangano lija limasweka. Korali amatulutsa alendo ake, amayera mbuu, ndipo zikapitirira amafa ndi njala. Zinachitika kwambiri m'nyanja ya Indian mu 1998, ndipo mu Epulo 2024 bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti dziko lonse lili m'kati mwa mliri wachinayi wa kuyera kotereku. Digiri imodzi! Kalanga ine, muyezo umene Mlengi anauika mosamala chonchi, ndife anthu tikuusuntha ndi utsi wathu.

Nanga mwala uja korali amautenga kuti? M'madzi momwemo. Korali amakoka kashiamu ndi kaboneti n'kuumba mwala wa laimu pansi pa thupi lake. A nthambi, monga Acropora, amatha kutalika masentimita 10 pa chaka. Obulungira, monga Porites, sentimita imodzi basi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mpanda wa ku Australia uja unamangidwa choncho. M'nyanja nkhokwe ya zomangirazi siitha. M'thanki imatha msanga, ndipo makorali akamakondwa ndi pamene amadya kwambiri. Choncho sabata iliyonse mwini thanki amakhala pansi ndi timabotolo take, kutunga madzi pang'ono, kudonthezeramo mankhwala uku akuwerenga madontho mpaka mtundu utasintha, n'kulemba m'kope. Kashiamu akhale pakati pa mamiligalamu 400 ndi 450 pa lita, maginiziyamu cha m'ma 1,300, mphamvu ya kaboneti, imene amaiyeza m'ma dKH, pakati pa 7 ndi 11. Zitatuzi zimayendera limodzi. Ukachulutsa china, china chimagwa. Maginiziyamu akachepa, kashiamu ndi kaboneti zimagwirana zokha n'kusanduka fumbi loyera, korali osalawako. Ena amabwezera ndi madzi a laimu, njira imene katswiri wina, Peter Wilkens, anaifalitsa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1970. Ena ali ndi timapampu todontheza mamililita owerengeka pa ola. Ndipo pafupifupi onse, sabata iliyonse kapena iwiri, amachotsa gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi n'kuthira atsopano.

Palinso antchito ena amene munthu sangawapange, angowadikira basi. Thanki yatsopano siikidwa nsomba. Imakhala ndi madzi, mchenga ndi miyala kwa mwezi kapena kuposerapo, mpaka alendo kumafunsa ngati nsomba zinafa. Mwini wake amakhala akudikira mabakiteriya. Nsomba imatulutsa amoniya, amene ndi poizoni. Gulu lina la mabakiteriya limamusandutsa naitiraiti, amenenso ndi poizoni. Gulu lina limalandira n'kumusandutsa naitireti, amene ndi wofatsako. Ndipo m'kati mwenimweni mwa miyala ya timabowo, mmene mpweya wa okosijeni sufika, muli gulu linanso limene limamasula naitireti uja kukhala mpweya wa naitirojeni, n'kubwerera kumwamba kumene unachokera. Mzere wa antchito, aliyense kulandira chimene mnzake wasiya, popanda kapitawo, popanda malipiro, popanda wowaona! Mu 1961 Lee Chin Eng wa ku Jakarta anafotokoza kuti iye amasunga zamoyo za kumatanthwe ndi miyala yotengedwa m'nyanja ndi timathovu ta mpweya basi, ndipo ambiri anakayikira. Lero miyala yotereyi, kapena youmba imene yasiyidwa kuti ilowe moyo, ndiyo maziko a ntchito yonse. Wopupuluma, amene amathira nsomba zambiri sabata yoyamba, amazitola zitayandama chagada. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngakhale wodekhayo amadutsa m'miyezi yonyansa, pamene galasi ndi mchenga zimathimbirira, kenako ndere zobiriwira zaubweya n'kumera paliponse, mpaka nkhono ndi tinkhanu zitagwira ntchito yake, miyala n'kuyamba kuvala utoto wapepo wa ndere zolimba. Utoto umenewo ukaoneka, ndiye kuti nyumba yakhazikika.

Chipangizo chimene chinandiseketsa ndi kundigometsa nthawi imodzi ndi skimmer. Chimaima m'thanki ina yaing'ono ya m'kabati, yotchedwa sump, kumene madzi a pamwamba amatsikira n'kukwezedwanso. Ndi chubu chachikulu choonekera mkati, ndipo pampu imamenya madzi ndi mpweya mpaka zonse zitayera ndi timathovu tosawerengeka. Zonyansa zosungunuka m'madzi, mafuta ndi zotsalira za chakudya, zili ndi khalidwe lokakamira pathovu. Thovu likwera nazo, lisefukira m'kakapu ka pamwamba, n'kuphwa. Mdzukulu wanga anagulula kakapuko n'kundipatsira.

“Agogo, tanunkhizani.”

“Iwe! Zimenezi zachokera m'madzi oyera aja?”

“Momwemo, Agogo. Ndi za sabata ino yokha.”

Zinali zamadzimadzi zakuda bii, zonunkha moti ndinabweza mutu. Iye akuseka, anandikumbutsa thovu loyera limene limaunjikana pamchenga kugombe tsiku la mphepo. Ntchito yake ndi yomweyo! Funde lililonse likamasweka limamenya mpweya m'madzi, thovu n'kutola zonyansa, mphepo n'kulikankhira kumtunda. Ife timati mafunde akusewera, pamene akuchapa nyanja.

Mafundewo ali ndi ntchito inanso. Korali sayenda. Sangapite kukasaka chakudya, sangasamuke pamene wadetsa. Zonse ziyenera kumupeza ndi madzi, zonse ziyenera kumuchokera ndi madzi, ndipo madzi akaima amabanika ndi zonyansa zake zomwe. N'chifukwa chake m'mbali mwa thanki mumamatidwa mapampu okankha madzi mosinthasintha, uku kenako uko, mwamphamvu kenako mofatsa, pakuti mkokomo wolunjika malo amodzi umasenda khungu la korali. Mayi wina wa ku London, Anna Thynne, anaizindikira nkhaniyi kalekale. Mu 1846 anatola timakorali kugombe la Torquay n'kupita nato kunyumba kwake ku Westminster. Poyamba ankaitanitsa madzi atsopano kunyanja. Kenako anapeza kuti madzi akale omwewo amatsitsimuka akamathiridwa kuchoka m'chotengera china kupita m'china, mobwerezabwereza, pawindo lotsegula, theka la ola kapena kuposerapo. Wothirayo anali wantchito wake wa m'nyumba, ndipo ine ndimati pokamba mbiriyi mikono ya mayi ameneyo tisamaiiwale. Timakoralito tinakhala moyo zaka pafupifupi zitatu mumzinda wautsi uja. Theka la ola, madzi a m'mbale, mikono kuwawa. Nanga Iye amene amavundula nyanja zonse ndi mphepo, amene anaika mwezi kuti uzikoka madzi, kudzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, amatopa liti?

Makina onsewa akayenda bwino, malipiro ake ndi kukoka mpando n'kumaonerera. Pakona ina ya thanki ya ku Durban ija, pansi pa mwala, panali kauna. Pakhomo pake pankakhala kansomba kachikasu ka mtundu wa goby, katatong'ola maso, osasuntha. Kumbuyo kwake kunkatuluka kankhanu kotchedwa pistol shrimp, katasenza mchenga ndi zala zake, kukataya panja, kubwerera, kutulukanso, kutayanso. Kankhanuka sikaona bwino. Tsono nthawi yonse imene kali panja, kanyanga kake kamodzi kamakhala katagunda kansomba kaja. Ndinangosuntha dzanja pafupi ndi galasi, kansomba kanagwedeza mchira, ndipo ndisanaphethire onse awiri anali m'una. Patapita kanthawi mutu wachikasu unasuzumira, kenako thupi lonse, kenako mmisiri uja ndi mchenga wake, kanyanga kali pamchira wa mlonda. Wina amakumba nyumba koma saona adani, wina amaona adani koma sakumba. Awiriwa sanabadwire pamodzi. Anagulidwa padera, anakumana m'thanki momwemo, n'kuzindikirana. Anawaphunzitsa ndani chinenero cha mchira?

Zoterezi m'kanyanjaka n'zosatha. Kuli shrimp ina ya mzere woyera pamsana wofiira imene ntchito yake ndi kuchotsa tizilombo pa nsomba. Nsomba imafika, imaima, imayasamula, shrimp n'kulowa m'kamwa mwa chinthu chimene chikanatha kuimeza, n'kutulukamo bwinobwino. Mdzukulu wanga akalowetsa dzanja imamukwera n'kumamutokosa m'zikhadabo. Kuli clownfish, imene imagona pakati pa timanja toluma ta chamoyo chotchedwa anemone osalumidwa. Pagulu lawo yaikulu ndiyo yaikazi, ndipo ikafa yaimuna imasanduka yaikazi, yotsatira n'kukhala bambo, kuti banja lisathe. Ndipo ife odziwa chambo ndi mbuna, zimene mayi amafungatira mazira m'kamwa, tidziwe kuti luso lomwelo Mlengi analiikanso kutsidya la nyanja. Nsomba ya Banggai cardinalfish, ya kuzilumba za Banggai ku Indonesia, imachita chimodzimodzi, koma kumeneko wonyamula ndi bambo, amene amatha pafupifupi mwezi osadya kanthu.

Magetsi akazima ndi pamene munthu amadziwa malire ake. Mu 2022 ndi 2023, pamene kuzima kwa magetsi kosinthana kunafika pachimake ku South Africa, oweta makorali kumeneko ankagona khutu lili kukabati. Mapampu akaima, okosijeni amayamba kuchepa m'maola owerengeka, pakuti nsomba, makorali ndi mabakiteriya onse akupuma, ndipo palibe chovundula madzi. Nkhanga zinapangana kusanapse: wanzeru amakhala ndi mabatire ndi inverter, kapena kapampu ka mpweya koyendera mabatire, ndipo zonse zikakanika amabwerera ku nzeru ya Anna Thynne, kutunga ndi jagi n'kumathira kuchokera m'mwamba mpaka kuche. Maola owerengeka okha! Nyanja sinazimepo ndi ola limodzi lomwe chilengedwere.

Chimene chinatenga nthawi yaitali kuti anthu achitengere ndi kubereka. Ku Great Barrier Reef, kamodzi pa chaka, patangopita masiku ochepa mwezi utakhala wathunthu mu Okutobala kapena Novembala, dzuwa litalowa, makorali a mitundu yoposa 100 amatulutsa mazira ndi mbewu zawo m'mausiku omwewo, madzi onse n'kudzaza timibulu tokwera kumwamba. Akatswiri a ku James Cook University anaziona zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Tinyama topanda ubongo, topanda maso, kusunga kalendala! Kutentha kwa madzi kumatiuza nyengo, kuwala kwa mwezi kumatiuza tsiku, kulowa kwa dzuwa kumatiuza ola, ndipo kakanati kalakwitse, mbewu yake ikanapita yokha osakumana ndi inzake. M'mathanki makorali a mtundu umenewu ankakula bwino koma palibe ankatha kuwaberetsa pa nthawi yodziwika, mpaka mu 2013, pamene Jamie Craggs ndi anzake ku Horniman Museum, ku London, anaika m'kompyuta nyengo za kunyanja: kutentha kwa chaka chonse, kutalika kwa usana, kukula ndi kuchepa kwa mwezi, kanyali kakang'ono kakugwira ntchito ya mwezi pamalo otchingidwa bwino kuti kuwala kwa mumzinda kusalowe. Makorali anabereka! Palibe chimene anawaphunzitsa. Anangowabwezera dzuwa lawo, mwezi wawo ndi nyengo zawo, ndipo lamulo limene Mlengi anaika mwa iwo linagwira ntchito pakati pa London.

Tsono inu ana athu a ku Durban, a ku Cape Town, a ku Manchester ndi kwina, amene mtima wakopeka, ndili nanu mawu. Safunsa adadya phula. Mukafika kusitolo funsani kumene chilichonse chachokera. Ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi ena akhala akugwira tinsomba tokongolati potipopera poizoni wa cyanide, amene amakomola nsomba n'kupha makorali ozungulira, ndipo Banggai cardinalfish ija inalowa m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yakutha mu 2007 chifukwa chogwidwa mopyola muyezo. Masiku ano clownfish ndi Banggai zimaswanitsidwa m'mathanki, ndipo korali amadulidwa kanthambi, kumatidwa pa kamwala, n'kukula kukhala wamkulu, moti oweta amagawana mbewu osakhudza nyanja. Gulani zoterezo. Pogwira miyala valani magolovesi, ndipo musaiwiritse kapena kuithira madzi otentha, chifukwa makorali ofewa a mtundu wa Palythoa ali ndi poizoni woopsa amene amauluka ndi nthunzi, ndipo anagonetsapo mabanja athunthu m'chipatala. Chimene chakukanikani kuweta musakachitaye m'nyanja. Lionfish, imene kwawo ndi ku Indian ndi ku Pacific, inafalikira kugombe la Florida ndi ku Caribbean kumene ikutha tinsomba ta eni dera, ndipo akatswiri amaloza chala oweta amene anaitaya. Chokukanikanicho chibwezeni kusitolo kapena mupatseni mnzanu.

Ndipo musanagule kalikonse, pezani kaye munthu wokhulupirika amene adzasamalire thankiyo mukadzabwera kumudzi pa Khirisimasi. Mumusonyeze kakapu kotaya thovu, mumusonyeze chochita magetsi akazima, ndipo mumuuze kawiri konse kuti madzi obwezera akhale opanda mchere.